Dalitso ndi nsapato za atate

Fungo la polishi wa nsapato limandibwezera ku Kabwata, m'nyumba yathu ija, nyengo yozizira imene atate anamwalira. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Sindikumbukira kuti ndinalira. Ndimakumbukira mipando itatulutsidwa panja, fumbi la mwezi wa Julayi likulowa pazenera, ndi amayi atakhala pansi pakona, tiyi akuzizira pambali pawo.

Mlongo wanga Dalitso anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi inayi, ndipo anali atangodzilemba yekha ntchito yopereka nsapato kwa eni ake. Olira maliro akavula pakhomo, iye ankatola, n'kuyenda dzandidzandi mpaka kwa mwini wake, n'kumuikira pamiyendo. Sankaphonya. Azimayi a kumpingo ankamwetulira pakati pa nyimbo, ine n'kumazibweza pakhomo, kamunthu kaliumako katanditopetsa. Ukamulanda ankadzigwetsa pansi, mawu ake ali amodzi omwewo: "Ayi."

Nsapato zakuda za atate zokha ndi zimene zinamusokoneza. Ankazikoka chipinda ndi chipinda, akusuzumira nkhope za anthu, kenako n'kukazisiya pakhomo. M'mawa mwake ankayambiranso. Palibe anamuuza kanthu. Ungamuuze chiyani mwana woti ngakhale dzina lake lomwe satha kulitchula bwino?

Patapita masabata angapo, pa tsiku logawa zovala za malemu, nsapatozo zinagwera atate aakulu ochokera ku Chipata, akulu awo a atate. Anaziyesa pomwepo, ndipo zinawakwana. Dalitso atatulukira kukhitchini anaona nsapato zija zikuyenda. Anathamanga n'kukumbatira miyendo, akukuwa kuti, "Dadi!" Kenako anakweza maso. Anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali, n'kumasula manja pang'onopang'ono. Sanalire. Anapita kukakhala pamiyendo ya amayi, chala chili m'kamwa.

Atate aakulu anawerama kuti avule. "Mulamu, lekani nizisiye chabe."

"Iyayi, ba mulamu, pitani nazo," amayi anayankha osakweza mutu. "Zikankhala muno mwana azapitiliza kusakila atate ake."

Kuyambira tsikulo Dalitso sanatolenso nsapato ya munthu. Ine ndinaona ngati ndapuma, poganiza kuti masewera ake amukwana. Lero ndalera ana anga, ndipo ndikudziwa kuti sanali masewera. Masabata onse aja, iye yekha m'nyumba monse ndiye ankadikirabe atate, ndipo tsiku limenelo ndi limene analeka.