Ndinakafuna azakhali a Tadala ku Mchinji

Nditauza amayi kuti ndikutsatira amuna anga ku Bradford, kudziko la azungu, kumene ankagwira ntchito ya unamwino, sanandiletse. Anangofunsa ngati kumeneko kuli munthu woti azindidzudzula ndikalakwa. Ndinaseka. Mtima wanga unali utakwera kale ndege, thupi lokha ndi limene linkadikira chiphaso.

Chaka choyamba kusungulumwa kunandidya. Nyumba zake n'zogundizana, koma woyandikana naye sadziwa ngakhale dzina lako. Kumudzi ndinkatumiza kangachepe pamodzi ndi mauthenga onama akuti zonse zili bwino. Kenako ndinapeza ntchito panyumba ina yosungirako achinyamata osowa pogona, ndipo moyo unabwereramo mwa ine.

Tadala anafika nthawi yozizira, zovala zake zili m'jumbo yakuda. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wobadwira konko, Chichewa akumva koma kuyankha m'Chingerezi. Bambo ake, a Phiri, anamuthamangitsa atadziwa kuti ali ndi pakati. Pamalo pathu makanda sankaloledwa, choncho mwana akangobadwa, Tadala analibe kolowera.

Anzanga achizungu, anthu abwino ndithu, anachita zimene anaphunzira: kuimba foni, kulemba kalata, kuitanitsa msonkhano. A Phiri ankangodula. Ndinapita ndekha kunyumba kwawo, n'kugwada pakapeti ngati kwathu, koma anandifunsa mwaulemu kuti ndine ndani m'banja mwawo. Ndinatuluka nditapsa mtima chifukwa ankanena zoona. Bambo wa kwathu salola mlendo kumuweruza pa nkhani ya mwana wake. Amene angamuuze m'maso kuti walakwa ndi mlongo wake, azakhali a mwanayo.

Azakhaliwo anali ku Mchinji. Nambala yawo Tadala analibe, ankangodziwa kuti ndi a Naphiri ndipo amagulitsa zitenje pamsika. Mwamwayi tchuthi changa chinali pafupi. Abwana anandiuza kuti zimenezo m'buku la ntchito mulibe, koma ngati Tadala wavomera, tchuthi ndi changa. Tadala anavomera, ngakhale ankaona ngati ndazungulira mutu.

Nditatsika ndege ku Lilongwe patatha zaka zinayi, fungo la fumbi lokha linanditulutsa misozi yachimwemwe. Amayi ndinacheza nawo tsiku limodzi basi, m'mawa mwake ndili m'minibasi, iwo akudandaula kuti kodi ndabwerera iwo kapena ana a eni. Pamsika ndinafunsa anthu awiri, wachitatu anandigwira dzanja mpaka pabenchi ya mayi wina wojintcha, wa mawu omveka msika wonse.

Anali a Naphiri. Nditawafotokozera, anayamba kupinda zitenje, dzuwa lili paliwombo, ogula ataima. Ndinkayembekeza kuti anyoza Tadala. M'malo mwake anandiuza kuti iwonso anathamangitsidwa pa msinkhu womwewo, pa mlandu womwewo, ndipo anagona masiku ambiri pakhonde la sitolo. Manyazi anandigwira, chifukwa ku Bradford ndinkadzitama kwa anzanga kuti kwathu mwana sagona panja.

Titafika kunyumba kwawo anatenga foni yanga, n'kuimbira a Phiri.

"Achimwene, ndine. Mukukumbuka amene ankabisa mbatata m'malaya kundibweretsera pakhonde paja?"

Osadikira yankho, anapitiriza.

"Munkalira inu, mukuti bambo athu ndi ankhanza. Lero bambo aja mwakhala inuyo?"

Ndinamva munthu wamkulu akupuma movutikira. Kenako a Phiri anati amva. A Naphiri anawayankha kuti kumva kokha n'kosakwanira, apite akamutenge mwanayo lero lomwe, ndipo anadula okha.

Tinali tikumwa tiyi pamene uthenga wa Tadala unalowa. Bambo ake anali ataima pageti ndi galimoto, akukanika kulowa chifukwa cha manyazi, ndipo iye ankalongedza. Ndinadumpha, tiyi kutayikira, n'kuyamba kuvina pabwalo la eni mpaka ana apafupi anathamangira kudzaonerera. Chisangalalo chotero sindinachimvepo m'dziko la azungu lija.

A Naphiri sanavine. Anangondiyang'ana akumwetulira pang'ono. Nditakhala pansi, ndikupuma wefuwefu, ndinawafunsa kuti nanga iwo nthawi ija anawalankhulira ndani kuti abwerere kunyumba.

"Palibe, mwanawe. N'chifukwa chake ndasiya ogula ataima pamsika."