Mafayilo Opanda Mwini

Pa ofesi ankamutchula Wamakiyi, ngakhale m'thumba mwake munkalira kiyi imodzi yokha, ya kachipinda ka kumapeto kwa khonde. M'menemo munali seva, kompyuta yomwe olemba mapulogalamu ankasungiramo ntchito yawo. Wina akasintha mzere ankatumiza kumeneko, makinawo n'kusunga zakale ndi zatsopano pamodzi. Ntchito ya Wamakiyi inali kugawa chilolezo: uyu awerenge, uyu alembe, uyo aime panja. Anaigwira mpaka imvi zinamera m'mbali mwa makutu.

Anamulowetsa ntchitoyo ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, yemwe anamanga nkhokwe ya mafayiloyo ofesi ikadali chipinda chimodzi. Mlamuyo anamwalira m'nyengo yachisanu, mitengo ikuyoyola masamba. Akaunti yake inatsala m'makina. Wamakiyi ankaiona m'mawa uliwonse n'kuilambalala.

Dzuwa la chilimwe litafika pouma, bwana anamuitana.

"Malemu akadali ndi khomo lolowera muno? Chotsani chilichonse cha dzina lawo."

Anachotsa akauntiyo. Pansi pake panali gulu la dzina lomwelo, ndipo analichotsanso osayang'ana kuti muli ndani. Sankafuna kuliyang'ana nthawi yaitali dzinalo.

M'mawa mwake ntchito inaima. Aliyense wotumiza, seva inkamubweza kuti alibe chilolezo.

"Akulu, makina anu atiyesa akuba," anatero Chipewa, wolemba mapulogalamu wosavula chipewa ngakhale m'nyumba. "Kapena nawonso akulira maliro mochedwa?"

Ena anaseka, kenako anakumbukira ubale uja n'kuweramira pa matebulo awo.

Wamakiyi anayamba waganiza kuti seva yadzaza. Malo analipo. Anaizimitsa n'kuiyatsanso, koma inakanabe. Ndiye anaitanitsa mafayilo kuti aone eni ake. Pamalo pa dzina panali nambala yokha, mzere ndi mzere mpaka pansi. Mafayilo onse anali a mlamu wake, ndipo ofesi yonse inkalemba chifukwa inali m'gulu lija. Zaka zonsezo anthu ankalowera pa khomo la munthu mmodzi.

Bwana anaima pakhomo, malaya atanyowa kumsana.

"Kasitomala akudikira. Sizitheka kungotsegulira aliyense?"

"Zimatheka, bwana. Koma muno mulinso maakaunti a anthu aganyu. Wina akalakwitsa chala, afufuta ntchito ya zaka."

"Ndiye ife tizingoyang'ana denga? Mvetsani, bambo. Kampani ija yosungira anthu ntchito pa intaneti yakhala ikundiimbira. Tikaweruka masana zisanatheke, ndiwayankha, ndipo kachipinda aka katsekedwa."

Wamakiyi anayang'ana kiyibodi. Lamulo lotsegulira aliyense linali lalifupi, zala zake zinkalidziwa. Sanalilembe. Anapanga gulu latsopano, nalowetsamo anthu mmodzimmodzi, naliuza kuti mafayilo onse ndi ake tsopano, ndi obadwa mawa omwe. Nambala ija inayamba kuzimiririka pa sikirini. Makinawo anali okalamba, mafayilo ochuluka ngati mchenga, ndipo panalibe choti achite koma kudikira. Panja mphepo inkanyamula fumbi ndi mapepala n'kuzisiyanso pomwepo.

Zitatha, Chipewa anayesa. Seva inakana. Panali kafoda kobisika ka mafayilo komwe kusintha kuja sikunakafike. Pamene ankakapeza, anthu anali atabwerako kokadya.

"Yalola, akulu!" anakuwa Chipewa. "Mwatitulutsa m'ndende!"

Wamakiyi anapita kukanena. Anapeza bwana akuika foni pansi.

"Mwachita bwino," anatero bwana osakweza maso. "Koma sindingagonenso tulo ndi ntchito yotsamira munthu mmodzi. Dzulo anali malemu, mawa mukhala inu. Mutithandize kusamutsa. Mwezi ukatha tikambirana."

Anasamutsa yekha, mosamala, chifukwa panalibe wina wodziwa njira zake. Mvula yoyamba inagwa tsiku lomwe anatsiriza, yongonyowetsa fumbi basi. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, napeza mkazi wake akuanula zovala pa chingwe n'kumaziika m'dengu.

"Mwafulumira lero, bambo a ana."

"Atseka kachipinda kaja."

Mkaziyo anaima, chovala chili m'manja.

"Nanga za achimwene zija?"

"Ntchito yawo ilipo yonse. Palibe mzere watayika."

"Nanga inuyo?"

Wamakiyi anayang'ana kumwamba. Mitambo inali ikupita kwina.

"Tandipatsani dengulo," anatero. "Zinyowa."