Thumba lobiriwira panjira ya ku Domwe

Lero achinyamata amatola mapulasitiko pamsika wa Ulongwe, akuimba zoti tileke kutaya zinyalala paliponse. Mtsikana wina atawerama kuti atole thumba lobiriwira, ine ndinangoima chilili.

Nthawi ya nkhondo, ine ndi amayi tinkathawira ku Domwe, tikuponda mmene anaponda anzathu poopa mabomba okwirira. Ndinaona thumba ngati lomwelo litakola pachitsa. Ndinalifuna kuti ndikamangire mpira, ndiye ndinapatuka.

Amayi sanakuwe. Anangoti chapansipansi, "Mwanawe, ima pomwepo. Usasunthe phazi."

Ndinayang'ana pansi. Patsogolo pa chala changa chachikulu panadutsa kawaya kowonda, kolowera m'dothi lofukulidwa kumene. Mkodzo wotentha unatsika m'miyendo mwanga, thumba lija likugwedezekabe ndi mphepo.