Sipika mu mtsuko wa apongozi

Chaka chimene mtedza unandiyanja, ndinakwera minibasi kupita ku Chipata n'kukagula wailesi ya masipika atatu, awiri ang'onoang'ono ndi imodzi yaikulu. M'sitolomo inkamveka bwino, kapena makutu anga anali ataledzera ndi ndalama za m'thumba.

Ndine mkamwini kuno kwa Zingalume. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi la akazi anga, munda ndi wa amayi awo, ngakhale nkhuku zimadziwa kuti mwini pakhomo si ine. Wailesiyo ndiye chinali chinthu changachanga.

Nditailumikiza ku batire ya sola, galu anadzuka n'kuchoka. Gitala inkamveka ngati munthu akunola khasu pamwala. Azimayi a kwaya ankalasa m'makutu, ng'oma n'kumangoti kwe kwe ngati chitini. Nyumba yathu ndi yamalata, yopanda siling'i, pansi simenti, ndiye phokoso lililonse limabwerera ndi anzake.

"Abambo ake, chinthu chanuchi chikundilowa m'mano," anatero akazi anga tsiku lachitatu.

"Mano anuwo ndiwo ali ndi vuto. Pitani kuchipatala."

"Chabwino. Likafika Lamlungu chikulirabe chonchi, alongo anga adzachitenga akachiike kugolosale kwawo. Zidakwa sizimva kuwawa."

Alongo awowo ndiwo eni mbumba. Akati chinthu chichoke, chimachoka, ngakhale chikhale ndi lisiti la dzina lako.

Ndinayamba ndi kabatani kochepetsera kuthwa kwa mawu. Ndinakapotoza mwaukali mpaka kanatsalira m'manja. Timasipika ting'onoting'ono tija ndinativeka masokosi anga a kutchalitchi, oimba n'kusanduka anthu a chimfine, koma kulasa osasiya. Ndinakhomera mphasa kukhoma, masaka a chimanga kudenga. Ndinapachikanso bulangete, akazi anga n'kulichotsa, poti unali mwezi wa Juni. Ndinamenya mpando theche, chala n'kutupa.

Lachinayi ndinapalasa njinga kupita ku boma, kwa mdala wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika. Anagogoda bokosi la sipika yaikulu ija ndi chala.

"Akulu, kabokosi aka n'kopepuka ngati chikho. Mawu alibe pokhala. Chotsanimo sipikayi, muikhazike pakamwa pa mtsuko wadothi, waukulu, wokhuthala. Ting'onoting'onoto mutiyang'anitse kukhoma."

"Mtsuko? Mdala, ine ndinafika Giredi 12. Sayansi ndinaphunzira."

"Nanga mwabweranji kwa ine wa Giredi 4?"

Ndinanyamula sipika yanga osatsanzika. Koma m'njira monse mutu unali pa mtsuko umodzi wokha, wa apongozi anga aakazi. Umandifika m'chiuno, wakuda bii, ndipo pa ukwati uliwonse m'mudzi muno thobwa ankafululira mmenemo.

Vuto n'lakuti mkamwini sapita kwa apongozi n'kukati ndibwerekeni. Tikakumana panjira, ine ndimapatukira m'tchire ngati ndaona njati. Zonse zimadzera mwa akazi anga, ndipo sabata imeneyo akazi anga anali mbali ya adani. Choncho m'mawa mwake, apongozi atavala bulauzi yawo yoyera kupita ku chigwirizano cha amayi, ndinazemba kuseri kwa nkhokwe yawo n'kuugubuduza mtsukowo mpaka m'nyumba.

Sipika inakhala pakamwa ndendende, ngati anaumbira yomweyo. M'mbali ndinamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Panatsala waya. Munthu wanzeru akanangoudutsa pamlomo pa mtsuko. Ine sayansi yanga inandiuza kuti mpweya uzithawira pamenepo, ndiye ndinatenga msomali n'kuboola kabowo chakumunsi. Ndinaboola mosamala, mwaluso, mpaka ndinadziyamikira.

Nditayatsa, ndinakhala pansi. Ng'oma inabwerera kukhala ng'oma, yomveka pachifuwa. Gitala ya besi, imene ndinkaganiza kuti oimbawo alibe, inatulukira ikuyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta. Mawu a azimayi anafewa, anakhala a anthu odya bwino. Akazi anga anafika pakhomo ndi lichero m'manja, akugwedeza mutu motsatira nyimbo. Kenaka anaona chimene chinkaimbacho.

"Mayo ine! Mwaboola?"

Masana apongozi anabwera, bulauzi ikadali m'thupi. Anakhala pansi pabwalo atafulatira nyumba. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko, akazi anga pakati. Tonse tinkamvana bwinobwino, koma mwambo ndi mwambo.

"Iwe, uwafunse amuna akowo ngati kwawo mitsuko imamera m'munda."

"Akuti kodi kwanu..."

"Ndamva! Muwauze kuti ndinangobwereka."

"Uwafunse, kwawoko wobwereka amabwera ndi msomali?"

Ndisanayankhe, akazi anga anandiyang'ana ndi diso loopsa, apongozi n'kupitiriza.

"Uwauze ayatse, ndimve chimene andiphera mtsuko wanga."

Ndinaika kwaya, nyimbo ya m'buku. Apongozi anatchera khutu vesi yoyamba yonse. Pa yachiwiri ndinamva akung'ung'udza alito. Mtima wanga unayamba kuvina, ndinati mlandu watha. Nyimbo itatha anasasa fumbi pachitenje.

"Chikuimba bwino. Uwauze kuti mtsuko woboola susunga thobwa, ndiye ugwire ntchito imene aupatsayo. Koma mtsuko wanga sugona kwa eni. Ubwerere kwanga, ndi zimene zili m'kati mwake."

"Muwauze kuti sipika payokha siimba!" ndinakuwa.

"Uwauze kuti ndikudziwa. Abweretse zonse. Batire azitchaja okha, ine za dzuwazo sindizidziwa."

Lamlungu alamu anga a golosale aja anabwera ndi njinga ndi chingwe chomangira katundu. Anapeza wailesi ili pakhonde la amayi awo, azimayi asanu atazungulira mtsuko. Anavula chipewa, anapereka moni, nabwerera ndi chingwe chawo.

Wailesiyo ilipobe pakhondepo mpaka lero. Mmawa uliwonse ndimapereka batire kwa akazi anga kuti akapereke kwa amayi awo. Pakhondepo sindingakhale, ndiye ndinakhoma benchi pansi pa mtengo wa mango, mapazi makumi awiri kuchokera pamenepo, ndipo ndimamvera nditafulatira. Ndikafuna nyimbo yanga ya gitala ndimatumiza uthenga. Yankho limabwera loti ndidikire kwaya ithe.