Liwu loopseza la a Yakobo

A Yakobo a ku Mbedza anatayipa makalata a boma zaka makumi awiri ndi zisanu. Anapuma ntchito chaka chomwe zipani zinachuluka, ndipo chachikulu chomwe anatuluka nacho chinali liwu la Chingerezi loti commination. Analitola m'dikishonale yothothoka chikuto, ndipo ankalifotokozera aliyense, afune asafune.

"Ndiko kuopseza kuti chilango chikubwera," ankatero. "Kukweza mkwapulo, koma osaugwetsa."

Ine woyandikana nawo nyumba ndinatopa nalo. Mbuzi ikalowa m'dimba mwawo, mwini wake ankalandira komineshoni yotayipa bwinobwino. Anthu ena ankamva ngati akuti nomineshoni, n'kumawafunsa chipani chomwe aimire. Koma iwo a Yakobo sanakwapulepo munthu. Ngakhale nkhuku ankachita kupempha ena kuti awazingire.

Zinthu zinasokonekera pamene Pauline, mwana wawo yekhayo, anasiya koleji n'kukakwatiwa ku Songani ndi telala wina dzina lake Stambuli. A Yakobo anamutayipira kalata ya Chingerezi, yoti akapanda kubwerera pofika Lamulungu asadzapondenso pakhomo pawo. Pamwamba analemba liwu lawo lija m'zilembo zikuluzikulu. Ankati mwana wokulira m'nyumba mwawo adziwa kuti n'kuopseza chabe.

Lamulungu linadutsa. Zinadutsanso zaka zinayi. Mkuluyo anawonda, ndipo geti likangolira ankadzuka msangamsanga. Zinkandimvetsa chisoni, komanso zinkandipsetsa mtima, poti ku Songani si kutali.

"Bwanji osangopita, bambo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Tanthauzo akulidziwa. Abwera yekha."

Ndinakumana naye Pauline mumsika wa Zomba akusankha mbatatesi yochokera kuphiri, mwana ali kumsana. Sindinazungulire. Ndinamufunsa ngati anaiwala zomwe liwulo limatanthauza.

"Sindinaiwale, amayi," anayankha. "Liwulo silinandiopse ata. Koma mmunsi anasaina dzina lawo lonse, ndi deti yomwe, ngati akulembera munthu woba mitengo ya boma. Sanalembe kuti ndine bambo ako. Ndiye ine ndikanabwerera kwa ndani?"

Nditabwerera kunyumba, ndinawauza a Yakobo zimenezi. Ndinkayembekeza Chingerezi. M'malo mwake anandifunsa motsitsa mawu ngati maminibasi a ku Songani amaimabe pamene ankaima kale.