Chipolopolo Chotsala M'mfuti ya Stafford

Callista Matewere anafika ku America m'chaka cha 1975, mwana ali kumbuyo, makina osokera ali m'katundu. Amuna ake, a Gresham, anali atatsogola kudzaphunzira za chuma, ndipo atamaliza anapeza ntchito kubanki ina yaikulu ya mayiko ku Washington. Callista anali wa ku Luchenza, mayi wamtali, wa miyendo yolimba. Pa utsikana wake ku Limbe ankatchuka ndi ntchemberembaye: akangougwira mpira pansi pa golo, anzake ankayamba kululutira usanalowe n'komwe.

Ku Silver Spring, kumene ankakhala, kunalibe bwalo la ntchemberembaye, choncho miyendo ija anaipatsa ntchito ina. Ankayenda. Kogula ndiwo wapansi, kutchalitchi wapansi, kusiteshoni ya sitima za Metro wapansi, ngakhale m'nyengo ya chisanu choluma makutu. Kunyumba ankasoka. Amayi a ku Ghana, a ku Ethiopia ndi a ku Zambia ankakwera masitepe a fulati yake atanyamula nsalu, chifukwa ankadziwa kuti diresi la Callista silikwinya m'khwapa. Ankadziwanso kuti mayiyu sabisa mawu. Ukanenepa, ankakuuza tepi ili m'chiuno mwako.

M'fulati yoyandikana ndi yawo munkakhala wapolisi wina dzina lake Stafford, amene ankagwira ntchito m'tauni ina yaing'ono kutali pang'ono ndi kumeneko. Anali munthu waulemu. Chisanu chikagwa ankafosholera galimoto ya a Gresham, ndipo Callista ankamupatsa mandasi pa Khirisimasi. Pakati pa nyumba ziwirizi panali khoma lopyapyala, loti mnzako akatsokomola umamva.

Loweruka lina masana, mu Epulo 1987, Callista anaimirira patebulo akusita diresi la mkwatibwi. A Gresham anali pansi kutsuka galimoto, mwana wawo Dyna ali kulaibulale. Kunamveka phokoso ngati thabwa lagwa pasimenti. Fumbi loyera linawazika padiresi, ndipo chimene Callista anayamba kuganiza chinali choti diresi la mwini lada. Kenaka mwendo wakumanzere unangomuthawa. Anagwa chammbali, simbi ikulendewera pachingwe, ndipo pamene anagwira m'chiuno dzanja linabwerako lofiira.

Woyamba kulowa anali Stafford yemweyo, wopanda nsapato, nkhope ili mbuu. Anavula malaya n'kutsindira pabala, akulira kuposa wovulalayo.

Madokotala anachotsa chipolopolo, koma fupa la m'chiuno linali litaphwanyika. Anamuika zitsulo. Ali chigonere m'chipatala, kunabwera mkulu wina wa kuntchito kwa Stafford, wa tayi yabwino ndi mawu ofewa. Anati akupepesa chifukwa cha ngoziyo. Anati apolisi awo anali atangolandira mfuti zatsopano, ndipo pamene Stafford ankapukuta yake, mfutiyo inangowomba yokha.

"Yokha?" anafunsa Callista.

"Zimachitika, mayi. Ndi makina."

"Inenso ndili ndi makina kunyumba. Sindinawapezepo akusoka okha."

Mkuluyo anamwetulira ngati wamva nthabwala, n'kutsanzika. A Gresham anamuperekeza mpaka pachitseko, akuthokoza mobwerezabwereza, ndipo kuthokozako kunamuwawa Callista kuposa bala.

"Bambo a Dyna, mukuthokoza chiyani? Kuti anandiphonya pamtima?"

"Amake Dyna, tsitsani mawu. Kwa eni kulibe mkuwe. Chiphaso chathu chokhalira kuno chagona pa ntchito yanga. Mukayamba kukangana ndi apolisi, dzina langa likamveka kuofesi, likamvekanso kwathu. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu wotchuka ndi phokoso amamufunsa mafunso pabwalo la ndege."

Callista ankadziwa kuti amuna akewo sakunama. Masiku amenewo Amalawi a ku Washington ankayamba ayang'ana kumbuyo asanatchule boma lililonse, la kwawo kapena la eni. Koma mawu oti "yokha" anamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ngati mfuti inawomba yokha, ndiye kuti palibe amene anamuwombera. Ndiye kuti iye, Callista, anangopezeka panjira ya chitsulo, monga munthu amene nthambi yamugwera.

Atatuluka m'chipatala ankayenda ndi ndodo ziwiri. Masitepe amene kale ankawakwera atasenza thumba la mpunga anasanduka phiri. Stafford sanagogodenso pachitseko. Akamva ndodo zija m'khonde ankabwerera m'nyumba, n'kutseka mwakachetechete.

Amene anathandiza Callista anali Mutinta, namwino wa ku Zambia amene ankapemphera naye. Tsiku lina anamupeza akulira ndi ukali pamakina osokera, popeza sankathanso kukhala nthawi yaitali pampando.

"Iwe Callista, uzalila mpaka liti?" anatero Mutinta m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Ku chechi kuli ba Wilkins, banali bapolisi kudala. Manje baphunzisa banthu kuombela ku Greenbelt. Tiye tibafunse ngati mfuti iziomba yeka."

A Wilkins anali bambo wachikulire wakuda, wobadwira komweko, wa imvi ndi manja akuluakulu. Anawalandira m'kachipinda ka kuseri kwa malo ophunzirira kuwombera, momwe munkanunkha mafuta ndi wonga. Patebulo anaikapo mfuti ziwiri, kukamwa kwake kutaloza kukhoma la matumba a mchenga.

"Iyi ndi volovolo," anatero a Wilkins, akunyamula yoyamba. "Ndi imene ine ndinayenda nayo moyo wanga wonse wa upolisi. Zipolopolo zisanu ndi chimodzi zimakhala m'kagudumu aka. Ukakatsegula chonchi, umaona ndi maso ako kuti muli kanthu kapena mulibe. Siibisa."

Anaibwezera pansi n'kutenga inayo, yakuda, yaphwatalala.

"Iyi ndi pisitolo. Si yatsopano ayi, asilikali akhala nazo kuyambira nthawi ya agogo anga. Apolisi ambiri kuno ankazikana, ankati zimakakamira. Tsopano zigawenga za mankhwala ozunguza bongo zili ndi mfuti za zipolopolo zambiri, ndiye aliyense akuthamangira pisitolo. Zipolopolo zake zimakhala m'kabokosi aka, magazini, kamene kamalowa m'chigwiriro. Ukawombera, chitsulo chapamwambachi chimabwerera m'mbuyo, n'kutaya chikhungwa cha chipolopolo, n'kukweza china mumpope wa mfuti. Tsopano penyani bwino, mayi."

Anatenga zipolopolo zabodza, zofiira, zophunzitsira. Anazilonga m'magazini, n'kuilowetsa, n'kukoka chitsulo chapamwamba chija. Kenaka anadina kabatani, magazini inagwera m'dzanja lake, ndipo anaiika patali.

"Muli kanthu m'mfutimu?"

"Mulibe," anayankha Callista. "Mwachotsa."

A Wilkins anakokanso chitsulo chija. Kachipolopolo kofiira kanalumpha, kanagubuduzika patebulo, n'kuima pafupi ndi dzanja la Callista.



"Chimodzi chimatsala mumpope," anatero a Wilkins. "Zilipo pisitolo zina zimene zimakana kuwomba magazini ikachotsedwa, koma si zonse. Munthu wozolowera volovolo amachotsa magazini, mtima n'kukhala pansi. Koma ngakhale chitatsala, sichituluka popanda chala kukoka apa. Gwirani."

Callista anakana, kenaka anagwira. Inali yolemera ndi yozizira. A Wilkins anamuonetsa kuika chala mowongoka m'mbali, kuloza kumchenga, kukoka chitsulo, kusuzumira mumpope, ngakhale kupisamo kachala. Atatsimikiza kuti mulibe kanthu, anamuuza kuti akoke kachitsulo kowombera. Kanali kolimba. Anachita kulimbikira ndithu kuti kagonje.

"Ndiye munthu angakoke aka mosadziwa?"

"Angakoke akudziwa kuti akukoka, koma akukhulupirira kuti mulibe kanthu. Ndaona zambiri, mayi. Mfuti yowomba yokha ili patebulo sindinaionepo."

Pobwerera m'galimoto ya Mutinta, Callista sanalire. Anakwiya. Chinthu chimene iye, telala wa madiresi, anachimvetsa masana amodzi, akuluakulu a polisi ankachidziwa bwino lomwe pamene ankamuuza kuti ndi makina. Sikunali kulakwitsa ayi. Anamuyang'ana ali pabedi, mayi wachilendo wa Chingerezi cha kwawo, n'kuona kuti bodza laling'ono limukwanira.

Tsiku lotsatira anadikirira m'khonde mpaka Stafford atatulukira ndi zinyalala. Analibe kothawira.

"Unachotsa magazini," anatero Callista m'Chingerezi, "koma sunayang'ane mumpope. Kenaka unaloza khoma langa n'kukoka."

Stafford anaika thumba pansi. "Inde, mayi."

"Nanga bwanji sunabwere kudzanena?"

"Anandiletsa kuyankhula nanu. Anatiphunzitsa mfutizi tsiku limodzi, losakwana n'komwe, n'kutiuza kuti tikazizolowere kunyumba. Ndikanena kuti ndinakoka ndine, funso lotsatira likhala loti anandiphunzitsa ndani. Sindigona, mayi Matewere."

"Inenso sindigona. Kusiyana kwake n'kwakuti iwe ukadzuka umayenda."

Tauni imene Stafford ankagwirako ntchito inkachita msonkhano wa khonsolo mwezi uliwonse, ndipo aliyense ankaloledwa kuyankhula mwachidule. Callista ananena kuti apita. A Gresham anakana, anachonderera, anakhala sabata yathunthu akudya mwakachetechete. Tsiku la msonkhano litafika anavala suti, n'kutenga makiyi.

"Simungakwere basi ndi ndodozo," anatero, osamuyang'ana.

M'holoyo munali anthu ochepa, ambiri odzadandaula za misewu ndi agalu. Mkulu wa tayi uja analiponso. Callista anaima pamaikolofoni atatsamira ndodo, n'kutchula dzina lake lonse. Anafotokoza mmene pisitolo imasungira chipolopolo mumpope, ndi kulimba kwa kachitsulo kowombera. Anati Stafford ndi wolakwa, koma sali yekha, popeza alipo amene anamupatsa chida asanachidziwe n'kumutumiza nacho m'nyumba ya makoma opyapyala momwe mumagona ana. Anati sakupempha kuti munthu amangidwe. Akupempha kuti mawu amodzi asinthidwe, anene poyera kuti mfutiyo inawombedwa ndi munthu.

Nthawi yake isanathe bwino, wapampando anagogoda kanyundo. Anamuthokoza chifukwa cha kulimba mtima kwake, anati nkhaniyo aiona, n'kuitana bambo wodandaula za magetsi a mumsewu.

M'galimoto a Gresham anagwira chiwongolero osaliza injini. "Anakudulani pakamwa ngati mwana," anatero. "Munthu wa agalu uja anamusiya mpaka anamaliza." Kuyambira tsiku limenelo sananenenso za kutsitsa mawu.

Palibe chinasintha chaka chimenecho. Stafford anasamuka Loweruka lina, osatsanzika. Eni nyumba anamata kabowo ka chipolopolo pakhoma n'kupaka penti. Kuofesi kwa a Gresham palibe anafunsa kanthu, ndipo zimenezi zinawachititsa manyazi pang'ono. Banja linasamukira ku Greenbelt, m'fulati ya pansi, yopanda masitepe. Callista anasiya ndodo imodzi n'kutsala ndi inayo. Kusoka anapitiriza, koma ataimirira, makina atawakweza patebulo lalitali limene amuna ake anamukhomera.

Chaka chotsatira a Wilkins anamupeza pakhomo la tchalitchi n'kumuuza nkhani. Wapolisi wina wa m'tauni yomwe ija anadziwombera phazi m'chipinda chosinthira zovala, mwa njira yomweyo. Mwezi usanathe, akuluakulu a polisi anaika migolo ya mchenga pakhomo la polisi kuti aliyense azichotsera zipolopolo ataloza m'menemo, ndipo onse anabwezedwa kukaphunziranso.

"Ndiye mwapambana, mayi," anatero a Wilkins.

"Ndapambana chiyani? Chiuno changa chinaphwanyika, anati ndi makina. Chala cha kuphazi cha mnzawo chapita, mchenga wapezeka." Anagunda ndodo pansi. "Mchenga, a Wilkins! Unalipo nthawi yonseyi."

Pa Khirisimasi ya 1989 Amalawi anasonkhana kunyumba ya wina ku Hyattsville. Panali mayi wina wongofika kumene kuchokera ku Lilongwe, amene ataona ndodoyo ndi kumva nkhani yake anagwira dzanja la Callista mwachifundo.

"Pepani, amayi. Zonse ndi chifuniro cha Mulungu."

"Ayi, achemwali," anayankha Callista, mokweza moti a patebulo la zakumwa anatembenuka. "Mulungu musamunamizire. Anali Stafford, ndi chala chake cha kumanja, ndi mabwana ake amene anaona kuti kumuphunzitsa n'kutaya nthawi."

Mayiyo anayang'ana kwa a Gresham kuti amuthandize. A Gresham anangopitiriza kusenda lalanje.

"Mvereni," anatero. "Ndi mmene zinakhalira."