Serafim Sasenda Kawiri

M'tauni ya Turlock palibe amene sadziwa nyumba ya a Serafim Bettencourt. Anzawo amadzala kapinga pakhomo, iwo amadzala nyemba za fava mpaka pakhonde, zowirira moti wonyamula makalata wina analowamo mu Epulo n'kutulukamo mu Juni ali ndi ndevu. A Serafimwo anachoka kwawo ku zilumba za Azores mbewu ataibisa m'sokosi, nakama ng'ombe za eni ake zaka makumi anayi. Msana unatha, tsitsi linatha, khutu lakumanzere linatha. Matama okha ndiwo anatsala.

Nyemba zawo sathyola zisanakule ngati chala chachikulu cha kuphazi. Ndipo lamulo lawo n'loti munthu weniweni amachotsa makoko basi, kakhungu ka njere kamadyedwa. Wosenda kawiri ndi mlamu wawo Gaetano, Mtaliyana amene anakwatira mlongo wawo.

"Alamu, nyembayo mukuivula chonchi, mukukaisambitsa?" Chaka ndi chaka, a Serafim ndi chipongwe chomwecho.

Chaka china akazi awo, mayi Deolinda, anathyoka dzanja kutatsala masiku awiri kuti Gaetano adzadye. A Serafim, amene mphika ankaudziwa ukafika patebulo, anamanga epuloni.

"Bambo, musende," anatero mayiwo.

"Ndisende? Pakhomo panga? Zaka zonsezi mwaphika zosasenda, anthu n'kumanyambita mbale!"

Mayi Deolinda anangoyang'ana kudenga ngati akuitana oyera mtima onse kuti adzachitire umboni.

A Serafim anakazinga anyezi, adyo ndi soseji, anathira matimati, vinyo ndi tsabola, kenako nyemba khuthu. Fungo linakafika mpaka ku tauni ina ya Modesto, agalu a kumeneko n'kuyamba ulendo.

Gaetano anatapa supuni yoyamba. Anatafuna. Anatafunabe. Msuzi unazizira, mthunzi unasuntha, iye ali tafu tafu. Pomaliza mano ake oikirira anatopa, anatuluka okha n'kukhala pambale atakumbatira kakhungu.

"Alamu," anafunsa mwaulemu, "nsapato iyi ndi saizi yanji?"

A Serafim anaponya zawo m'kamwa kuti amuonetse kudya kwa amuna. Nsagwada inalira ngati chitseko cha khola. Kumeza kunakanika, kulavula pamaso pa Mtaliyana ndiye bola kufa. Anangokhala tsaya lili tuu.

"Ndi mphikawu," anatero movutikira. "Mayi, mphika wanu uja uli kuti?"

"Mphika wanga ndi chikhadabo ichi, bambo. Zaka zonsezi mukapita kukakama, ine ndinkaziviika m'madzi owira, kenako ozizira, n'kumasenda imodziimodzi. Pamwamba ndinkasiyapo zanthete zisanu zosasenda kuti mtima wanu ukhale m'malo. Zinazo msuzi unkabisa."

"Nanga makunguwo?"

"Nkhuku. Simunadabwe dzira lija linaswa poto?"

Gaetano anaseka mpaka anaiwala mano ake, anachita kuwabwerera Lachiwiri.

Mpaka lero a Serafim akatuluka m'tchalitchi amalalikira pabwalo kuti osenda kawiri ndi anthu opanda mano ndi ulemu womwe. Nyemba sathyolabe zisanakule. Koma ikafika Meyi, chitseko cha galaja chimatsekedwa, wailesi imakwezedwa, nkhuku zonse n'kufola panja ngati kuli ukwati. Ukagogoda amakuwa kuti, "Ndikukonza galimoto!"

Galimotoyo anagulitsa kalekale. Anagula ndi Gaetano.